Ndudu ya Mayi wa ku Samsui: Maganizo pa Chithunzi cha Pakhoma cha ku Singapore

M'chaka cha 2024 anthu a mumzinda wa Singapore adakangana kwa milungu ingapo chifukwa cha ndudu imodzi ya fodya. Nduduyo idali yojambulidwa pakhoma la nyumba ina ya mumsewu wa South Bridge Road, m'dera lotchedwa Chinatown, ndipo idali pakati pa zala za mtsikana wovala duku lofiira. Akuluakulu a boma adalamula kuti ifafanizidwe. Anthu ambiri adakana. Potsiriza boma lidabweza mau ake, chithunzicho n'kukhala monga momwe mmisiri adachisiyira. Mwina wowerenga afunsa kuti nkhani ya khoma la kutsidya kwa nyanja ikudzatani m'magazini ya seminale. Tiyankha kuti Mpingo wakhala ukujambula pamakoma chiyambire m'mapanga a manda a ku Roma, ndipo funso limene lidasautsa anthu a ku Singapore lakhala likutisautsa ifenso: kodi munthu wosauka timamkumbukira motani atafa, ndipo ndani ali ndi mphamvu yosankha nkhope imene adzaoneke nayo pamaso pa mibadwo ya m'tsogolo?

Amayi a maduku ofiira

Tisanaweruze chithunzi, tiyenera kuyamba tadziwa anthu amene chikuwaimira. Samsui ndi katchulidwe ka Chikantoni ka dzina la boma la Sanshui, m'chigawo cha Guangdong kumwera kwa dziko la China. Dzinali litanthauza madzi atatu, popeza mitsinje itatu imakumana pamenepo. Ndipo kumene mitsinje ikumana, madzi osefukira sasowa. Umphawi wa kumeneko udachititsa kuti akazi ambiri akwere sitima za pamadzi kukafuna ntchito ku Singapore ndi ku Malaya, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1920 kufikira m'zaka za m'ma 1940. Lamulo la atsamunda a ku Britain lidathandizira ulendowo mosayembekezeka: m'chaka cha 1933 lamulo lotchedwa Aliens Ordinance lidaika malire pa chiwerengero cha amuna olowa m'dzikomo, koma akazi lidawasiya opanda malire mpaka 1938. Motero khomo limene lidatsekekera amuna lidakhala lotsekukira alongo ao, akazi ao ndi akazi amasiye. Olemba mbiri amati akazi a ku Samsui amene adafika ku Singapore adali pafupifupi 2,000.

Ntchito imene adaipeza idali ya zomangamanga. Ankakumba dothi, kusenza mchenga, njerwa ndi simenti m'madengu awiri opachikidwa pamtengo wa paphewa, n'kumakwera nazo pansanja za amisiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Malipiro a masiku oyambawo adali masenti 50 kapena 60 patsiku. Ankagona mothinana m'tizipinda ta m'nyumba za ku Chinatown, namadya mpunga wozizira ndi ndiwo zochepa, kuti ndalama yotsalayo aitumize kwao. Ndipo popeza ambiri sadapite kusukulu, makalata ao ankawalembera alembi amene ankakhala ndi katebulo m'mbali mwa msewu. Zovala zao zidali malaya ndi buluku za nsalu ya buluu wodera kapena yakuda, zosaonetsa litsiro, ndi nkhwayira zodulidwa kumatayala akutha. Koma chimene chidawatchukitsa ndi duku lofiira, nsalu youmitsidwa ndi sitachi ndi kupindidwa ngati kadenga. Dukulo linkawateteza kudzuwa, linkaoneka patali kotero kuti ngozi zinkachepa pantchito, ndiponso linkagwira ntchito ya thumba: m'menemo ankasungamo ndalama, machesi ndi fodya. Mfundo yomalizayi wowerenga aisunge, pakuti mlandu wonse wagona pamenepo.

Amayi amenewa adagwira ntchito mpaka kukalamba. Pamene Singapore adakhala dziko loima palokha mu 1965, boma lili pakalikiliki womanga nyumba zosanja za anthu wamba m'madera monga Toa Payoh, maduku ofiira adali pomwepo. Makina atachuluka, ntchito yao idatha, ndipo ena mwa iwo adatsiriza moyo wao akutola makatoni m'misewu ya mzinda umene adaumanga ndi mapewa ao.

Chithunzi ndi mkangano wake

Amene adajambula chithunzi tikunenachi ndi Sean Dunston, mmisiri wa ku America wokhala ku Singapore, ndipo adachitsiriza kumayambiriro a 2024 pakhoma lam'mbali la nyumba ya nambala 297. Chithunzicho n'chachikulu, chodzaza khoma. Mtsikana wakhala pansi akupuma; duku lofiira lili kumutu, malaya odera ali m'thupi, ndudu yoyaka ili m'dzanja, utsi ukukwera. Nkhope yake ndi yosalala, yokongola, yopanda mantha, ndipo sakuoneka ngati wopempha chifundo kwa munthu wodutsa mumsewu.

Bungwe la boma loyang'anira kamangidwe ka mzinda, Urban Redevelopment Authority, lidalembera mwini nyumba kuti nduduyo ichotsedwe popeza ikutsutsana ndi mfundo za dziko zolimbana ndi kusuta. M'kalata yomweyo adatchulamonso dandaulo la munthu wina wosatchulidwa dzina, amene adati mayi wa pachithunzicho akuoneka ngati mkazi wadama osati wantchito wolimbikira. Mmisiri ataulula zimenezi m'mwezi wa Juni, anthu ambiri adaikira kumbuyo chithunzicho, ndipo pa 10 Julayi 2024 bungwelo pamodzi ndi unduna wa zaumoyo adalengeza kuti chikhale chosasinthidwa. Adavomera kuti si chithunzi chotsatsa malonda a fodya, ngakhale adaumirira kuti chikuchititsa kusuta kuoneka ngati chinthu chozolowereka. Mwini nyumba adalipitsidwa chindapusa cha madola 2,000 a ku Singapore chifukwa choyamba ntchitoyo pa nyumba yotetezedwa asanalandire chilolezo. Bungwe loona za ufulu wa amayi, lotchedwa AWARE, lidabweretsa mfundo yachitatu: lidadandaula kuti mmisiri wamkometsera mayiyo monga momwe diso la mwamuna lifunira kuona mkazi, n'kubisa kuwawa kwa moyo wake.

Tsono tili ndi milandu itatu yosiyana pa khoma limodzi: mlandu wa fodya, mlandu wa dama, ndi mlandu wa kukongola. Tiyesa kuitenga umodziumodzi, pakuti kuisakaniza ndiko kudasokoneza ambiri.

Chimene mmisiri adachita bwino

Singapore sadaiwale amayi a ku Samsui. Mu 1986 wailesi ya kanema ya dzikolo idaonetsa sewero lalitali la moyo wao, limene anthu adalikonda kwambiri. Mu 1999 ziboliboli za mwala, zosemedwa ndi Liu Jilin, zidaimikidwa kunja kwa likulu la bungwe lomwe lija loyang'anira kamangidwe ka mzinda, mumsewu wa Maxwell Road, ndipo amayi a pamenepo ali ndi katundu pamapewa. M'masitolo a alendo mumapezeka tizidole ta duku lofiira. Kelvin Low, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya dzikolo, adalemba buku lathunthu mu 2014 lofufuza m'mene chikumbutso cha amayiwa chidaumbidwira. Chimene tikuona pa zikumbutso zambiri zotere n'chakuti mayi wa ku Samsui amaonetsedwa ali pantchito kapena ali wokalamba, wowerama, wopirira, wosadandaula. Wasanduka phunziro la ana a sukulu: limbikirani monga iye, sungani ndalama monga iye, musanyinyirike monga iye sadanyinyirike.

Pamenepa ndi pamene chiphunzitso cha Mpingo chitithandiza kuona bwino. M'kalata yake ya Laborem Exercens ya chaka cha 1981, Papa John Paul II adasiyanitsa mbali ziwiri za ntchito. Mbali ina ndi zimene ntchito itulutsa: nyumba, misewu, chuma. Mbali inayo ndi munthu amene akugwira ntchitoyo, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, waufulu, wodziwa kusankha. Papayo adaphunzitsa kuti mbali yachiwiriyi ndiyo yoyamba paulemu, ndi kuti ntchito ilipo chifukwa cha munthu, munthu sadalengedwere ntchito. Chikumbutso chimene chionetsa wantchito ali ndi katundu paphewa nthawi zonse chikhoza kulemekeza katunduyo koposa womsenza. Chikhoza kumatamanda mayiyo chifukwa adali wothandiza, monga momwe mlimi atamandira ng'ombe yake ya pangolo.

Dunston adamtula katunduyo mayi wa ku Samsui. Adamjambula pa mphindi imene kapitao alibe naye mau, mphindi imene thupi lake ndi lake. Adambwezeranso utsikana wake. Pakuti n'zoona kuti amayiwa sadabadwe ali nkhalamba, ambiri adatsika sitima ali atsikana, ali ndi zokhumba ndi nthabwala ndi mkwiyo wao. Ife amene timawerenga lamulo la Sabata m'buku la Deuteronomo, mutu 5, tikudziwa kuti kupuma kudalamulidwa makamaka kuti wantchito wamwamuna ndi wamkazi apumule monga mbuye wao, ndiponso kuti Aisraele akumbukire ukapolo wa ku Ejipito, kumene ntchito yao idali yomweyi ya dothi ndi njerwa. Munthu amadziwika kuti si kapolo pa nthawi imene akupuma. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mmisiri wochokera kunja adaona chimene eni mudzi adachizolowera mpaka kuleka kuchiona.

Nanga ndudu? Sitifuna kupeputsa nkhawa ya unduna wa zaumoyo. Fodya amapha anthu mamiliyoni chaka ndi chaka, ndipo dziko la Singapore lidaletsa kutsatsa malonda ake kale mu 1971. Ife a m'dziko lolima fodya tilibe chifukwa chonamizira kuti tsamba limeneli n'losalakwa, popeza tikudziwa chifuwa cha wosuta ndi ngongole za matenanti. Komabe boma lidasokoneza zinthu ziwiri: kuonetsa chinthu ndi kuchiyamikira. Amayi a ku Samsui ankasutadi, ankadzipichirira okha fodya wotsika mtengo, ndipo kwa ambiri kameneka kadali kachisangalalo kokhako ka tsiku lonse. Kufafaniza nduduyo kukadakhala kukonza mbiri ya munthu wakufa kuti igwirizane ndi mfundo za boma la amoyo. Malembo Oyera sachita zotere ndi anthu ake. Sabisa kuledzera kwa Nowa, chigololo cha Davide kapena kukana kwa Petro; ndipo Mpingo umene udasunga nkhani zimenezi m'mabuku ake opatulika suyenera kuchita mantha ndi ndudu ya wantchito wotopa.

Mlandu wa dama

Dandaulo lakuti mayiyo akuoneka ngati mkazi wadama ndilo lidapsetsa mitima koposa, ndipo ndilo litiphunzitsa zambiri. Tifunse: n'chiyani pachithunzicho chimene chidabweretsa ganizo limeneli? Mayiyo wavala zovala zake za pantchito. Chimene chilipo n'chakuti ndi wamng'ono, ndi wokongola, sakugwira ntchito, ndipo sakuchita manyazi. Ndiye kuti m'maganizo a wodandaulayo, mkazi wosauka amakhala waulemu pokhapokha ali wokalamba, wotopa ndi wozyolika. Akangodzutsa mutu, ulemu wake wathera pomwepo.

Mlandu umenewu si wachilendo m'mbiri ya zojambula za Mpingo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, Caravaggio adajambula imfa ya Maria Virigo Woyera kuti ikaikidwe m'tchalitchi cha Santa Maria della Scala ku Roma. Adamuonetsa Amayi Maria ngati mayi wamba amene wangomwalira, thupi lotupa, mapazi ali pamtunda, Atumwi akulira ngati anthu a pamaliro a kumudzi. Ansembe a chipani cha Karimeli adachikana chithunzicho, ndipo mbiri idawanda yakuti mmisiriyo adatengera nkhope ya mkazi wadama. Chidagulidwa ndi mfumu ya ku Mantua mu 1607 potsata uphungu wa Rubens, ndipo lero chili ku Louvre mumzinda wa Paris, kumene anthu amachiwerengera pakati pa zithunzi zozama za chikhristu. Caravaggio yemweyo adadzudzulidwanso chifukwa cha mapazi a litsiro a amwendamnjira awiri ogwada pamaso pa Maria, pachithunzi chimene chili m'tchalitchi cha Sant'Agostino. Nthawi zonse pamene mmisiri asendeza chithunzi cholemekezeka kufupi ndi thupi lenileni la munthu wosauka, pamapezeka wina wofuula kuti ulemu waonongeka.

Kwa ife ansembe pali china chowonjezera. Ngakhale mau akuti wadama akadakhala oona, sakadatha kukhala chitonzo chomaliza pakamwa pa mkhristu. Mateyo Woyera adaika Tamara ndi Rahabu m'ndandanda wa makolo a Ambuye, ndipo m'mutu 21 wa Mthenga Wabwino womwewo Ambuye adachenjeza akulu a ansembe kuti okhometsa msonkho ndi akazi adama adzawatsogolera polowa mu Ufumu. M'misewu yomweyo ya Chinatown, m'zaka zomwezo, mudalinso atsikana ena ochokera ku China amene umphawi womwewo udawagulitsa kunyumba za dama. Kutamanda wosenza njerwa mwa kunyoza mnzakeyo ndiko kugawa osauka m'magulu awiri, oyenera ndi osayenera, ntchito imene Ambuye sadatipatse.

Pamene chithunzicho chaperewera

Titateteza mmisiri pa milandu iwiri, tiyenera kunena mosabisa kuti pa mlandu wachitatu sangapulumuke kwathunthu. Thomas Aquinas Woyera, m'gawo loyamba la Summa Theologiae, funso 39, adatchula zinthu zitatu zofunika kuti chinthu chikhale chokongola: integritas, ndiko kukhala chathunthu chosasowa kanthu, consonantia, ndiko kugwirizana kwa zigawo zake, ndi claritas, ndiko kuwala kumene kuonetsa chimene chinthucho chili. Chithunzi cha Dunston chili ndi kugwirizana: kufiira kwa duku ndi kudera kwa malaya zikuyankhana bwino, ndipo diso la woona limayenda mosavuta kuchokera kunkhope kupita kudzanja ndi kutsata utsi. Chili ndi kuwala kwakenso, popeza chikuonetsa ufulu wa mumtima wa mayiyo. Chimene chikuperewera ndi uthunthu.

Mtsikana amene wasenza simenti kuyambira m'mawa pansi pa dzuwa la ku Singapore sakhala ndi khungu lotere. Manja ake amakhala okhakhala, zikhadabo zothetheka, khosi lodzaza fumbi losakanizika ndi thukuta, phewa lotupa pamene mtengo umakhala. Mmisiri adasunga ndudu m'dzina la choona, koma adasiya zipsera zimene zili choona cholemera koposa ndudu. Pachifukwa ichi kupuma kwa mayiyo kwachepa mphamvu, pakuti kupuma kumamveka kukoma pamene tikuona kutopa kumene kwatsogola. Wodutsa mumsewu amene sadziwa mbiri angaganize kuti akuona mtsikana wa masiku ano amene wabwereka zovala za agogo ake kuti ajambulitse. Apa dandaulo la bungwe la amayi lija lili ndi maziko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kukongola kosalala kumakopa alendo ndi makamera ao, ndipo sitiyenera kuiwala kuti khomalo lili m'dera la malonda, kumene chithunzi chokopa maso chimapindulitsa mwini nyumba.

Chikhulupiriro chathu chili ndi muyeso wake pa nkhani imeneyi. Ambuye atauka kwa akufa adaonekera ndi thupi laulemerero, koma mabala a misomali ndi a mkondo adali pomwepo, ndipo Tomasi adawazindikira ndi mabala omwewo. Amisiri ambiri a chikhristu sadayerekeze kuwafafaniza. Ulemerero umene Mpingo umaulalika suchotsa zipsera, umaziwalitsa. Chithunzi changwiro cha mayi wa ku Samsui chikadasunga zonse pamodzi: utsikana, kunyada, ndudu, ndi manja ong'ambika. Ziboliboli za ku Maxwell Road zidasunga katundu n'kutaya mtsikana; khoma la ku South Bridge Road lidasunga mtsikana n'kutaya katundu. Chiweruzo chathu n'chakuti khomalo lili pafupi ndi choona kuposa ziboliboli, chifukwa lidabweza chimene chidasowa kwa nthawi yaitali, koma silidafike.

Manda a aneneri

Pali funso lina limene mkanganowo udalizungulira osalikhudza kwenikweni. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea, m'chaka cha 787, udaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunzicho. Tsono ulemu woperekedwa kwa khoma la ku Chinatown ukupita kwa yani? Amayi a ku Samsui ntchito yao idatha kalekale. Koma ntchito yosenza ndi kumanga ikupitirira, ndipo akuigwira ndi alendo ena: amuna ochokera ku Bangladesh, ku India ndi ku China pa zomangamanga, akazi ochokera ku Philippines, ku Indonesia ndi ku Myanmar m'nyumba za anthu. Nawonso adathawa umphawi, nawonso amatumiza ndalama kwao, nawonso amagona mothinana. M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udafika ku Singapore, ochuluka zedi mwa odwala a chaka chimenecho adali antchito a m'nyumba zogona alendo amenewa.

Ambuye adadzudzula alembi ndi Afarisi chifukwa chomanga manda a aneneri ndi kukongoletsa ziliza za olungama, pamene aneneri amoyo ankawakana. Johann Baptist Metz, wansembe wa ku Germany ndi katswiri wa zaumulungu amene adamwalira mu 2019, ankaphunzitsa kuti chikumbutso chenicheni cha masautso n'choopsa, chifukwa chimasokoneza mtendere wa amoyo ndi kuwafunsa mafunso. Chikumbutso chimene sichifunsa kanthu chasanduka chokongoletsera. Wantchito wakufa ndi wosavuta kumkonda: sapempha kukwezedwa malipiro, sadwala, sachita sitalaka. Kalata ya Yakobo Woyera, mutu 5, imanena za malipiro obedwa a okolola amene amafuula mpaka kumveka kwa Mulungu, ndipo mfuu umenewo utoto wa pakhoma sungautseke. Ngati ndudu ija idachita chabwino china, n'chakuti kwa milungu ingapo idachititsa chikumbutso cha amayiwa kukhalanso choopsa. Anthu adaleka kungodutsa, adayamba kufunsa kuti amayiwa adali yani kwenikweni.

Makoma athu

Papa Gregory Wamkulu, polembera Serenus, episkopi wa ku Marseille amene adaphwanya zithunzi m'matchalitchi mwake chakumapeto kwa zaka za m'ma 500, adamkumbutsa kuti zithunzi zili ngati buku kwa anthu osadziwa kuwerenga. Amayi a ku Samsui sadasiye mabuku. Ngakhale makalata ao adalembedwa ndi dzanja la wina. Khoma ndilo buku lao, ndipo chifukwa chake cholembedwa pamenepo chiyenera kukhala choona. Buku la Yesu mwana wa Sira, mutu 44, litayamba kutamanda anthu otchuka, limaima pang'ono kukumbukira ena amene adapita osasiya chikumbutso, ngati kuti sadakhaleko. Mmisiri wa pakhoma ndi mtumiki wa anthu amenewa.

Ife tili ndi chitsanzo pafupi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko aonetsa kuti mbiri ndi chikhulupiriro zikhoza kujambulidwa ndi kusemedwa ndi nkhope za anthu athu. Komabe tiyang'ane matchalitchi a m'maparishi ndi m'malimana mwathu. Pafupifupi tchalitchi chilichonse cha kumudzi chidamangidwa ndi njerwa zimene amayi adazisenza pamutu, ndi madzi amene amayi adawatunga kudambo, ndi mchenga umene amayi adaututa m'mabeseni, ena ali ndi ana kumbuyo. Mwala wa chikumbutso umatchula episkopi amene adadalitsa, bambo mfumu amene adayang'anira, ndi abwenzi akunja amene adapereka malata. Za nkhata zija palibe mau. Tsiku limene parishi idzaganiza zojambula mbiri yake pakhoma, mayesero a ku Singapore adzatipeza ifenso. Wina adzafuna kuti amayiwo aoneke atavala yunifolomu ya bungwe lao, atapinda manja, nkhope zonse zofanana. Wina adzafuna kuti aoneke okongola ngati a pakalendala. Adzakhala ochepa ofuna kuti aoneke monga adaliri: wina akuseka, wina wakwiya ndi kapitao, wina wakhala pamulu wa njerwa akufwenkha fodya wa pamphuno, mapazi ong'aluka ali poyera.

Abale athu amene mukukonzekera unsembe, posachedwa mudzakhala inu olamula makoma, ndipo mmisiri adzabwera kwa inu ndi pepala lake kudzapempha chilolezo. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha 1963, udalamula kuti aseminale aziphunzitsidwa mbiri ndi mfundo za luso lopatulika, kuti adzathe kulangiza amisiri mwanzeru. Kulangiza kumeneko sikutanthauza kufufuta chilichonse chimene chingakhumudwitse mkhristu mmodzi wolemba kalata yopanda dzina. Mudzafunse mafunso atatu. Kodi munthu wojambulidwayu akadadzizindikira pakhomapo? Kodi tamlemekeza iye mwini, kapena tangolemekeza phindu limene tidapeza mwa iye? Kodi chithunzichi chidzatisiya ife ogona tulo, kapena chidzatitumiza kukaona m'mene tikulipirira mlonda, wophika ndi mayi wochapa wa panyumba ya ansembe? Chithunzi cha ku South Bridge Road chapambana pa funso lachiwiri, chatsimphina pa loyamba, ndipo lachitatu lili m'manja mwa anthu a ku Singapore. Makoma athu akudikira kuti tiyankhe onse atatu.